Mfuti ya a Chindamba

Anabwera nayo yokulunga m'bulangeti lotuwa,
Lachiwiri, chifunga chisanachoke pa Bembeke.
Ine ndili chagada pansi pa ngolo, ndikuwotcherera ekiselo.
Akuti, Yotamu, mipope iwiriyi yayambana.
Wakumanja ukalasa pano, wakumanzere uli ku Mozambiki,
pamene nguluwe zandithera kachewere mizere isanu ndi inayi.
Chilolezo cha kupolisi anatulutsa ndisanafunse,
chopindapinda, chofewa ngati tsamba la fodya wachinyezi.

Tinatsikira kudambo.
Katoni ya sopo tinaikhomera pachulu,
pakati ndinajambulapo diso ndi khala,
mayadi makumi asanu tinayeza ndi miyendo yanga yaifupiyi.
Anaombera. Akhwangwala anabalalika m'mapaini.
Mabowo awiri, kutalikirana mkono wathunthu,
ngati abale olimbirana malire a munda.

Ndinayamba ndi zazing'ono, poti ndizo zimanamiza.
Sikuluu ya pachigwiriro inali khwekhwerekhwe, ndinamanga.
Pakamwa pa mpope wakumanzere panali kachipsera,
akuti inagwera pamwala chaka cha njala chija.
Ndinapala ndi tupa pang'onopang'ono,
mpweya nditaugwira.
Mabowo anayandikana zala zitatu basi.

Ndiye zipolopolo.
Anazikhuthula m'chitini cha mkaka wa ufa:
zina zobiriwira ndi ukalamba, zina zogula dzana,
zolemera mosiyana ngakhale pachikhatho.
Ndinati, bambo, amene anamanga mfutiyi
anailumbiritsa pa onga umodzi ndi kulemera kumodzi.
Chipolopolo chothamanga kwambiri chimatuluka
mfuti isanamalize kugwedezeka, njira zimapingasana.
Chaulesi chimachedwa, njira zimapatukana.
Anangoti, onga umenewo unapita ndi mzungu wa kuesiteti.

Tinasankha za mtundu umodzi, zisanu ndi zitatu zokha.
Ndinawauza asamadikire pakati,
wakumanja, kenako wakumanzere chitsulo chisanazizire,
poti mpope ukatentha wokha umakoka mnzake.
Zinasinthako, koma osafika.

Usiku umenewo sindinagone bwino.
Pakati pa mipope, kunsonga, pali kachitsulo
kopyapyala ngati chikhadabo cha mwana,
kogwidwa ndi mtovu kuyambira ine ndisanabadwe.
Kukasuntha n'kumasula ukwati wa eni.
Ine ndimadziwa makasu, mafelemu a njinga, zitseko.
Komabe m'mawa ndinayatsa moto waung'ono,
ndinamanga mipope ndi waya,
mtovu utachita thukuta ndinagogoda kamodzi.
Kamodzi kokha.
Dzanja linanjenjemera pambuyo pake, osati panthawiyo.

Masiku atatu: kutenthetsa, kuziziritsa, kutsika kudambo,
kukwera, kuyambiranso.
Ngolo ya a Nachisale ili pamiyala, mwiniwake akutukwana.
Zipolopolo zinatsala ziwiri.
Ndinati ndiombere ndine.
Phewa linalandira chibakera, makutu anangoti ngwiii,
ndipo pakatoni mabowo anakhala moyandikana,
chikhatho changa chinawaphimba onse.

Ndinakuwa, bwerani muone!
Anabwera, akupapasa udzu ndi ndodo.
Pachulu anaima, n'kuyang'ana kumbali kwa katoni,
kenako anatambasula dzanja
kufufuza mabowo ndi chala, monga ofuna nthata m'tsitsi.
Apo m'pamene ndinaliona diso lawo lakumanja,
loyera ngati madzi otsukira mpunga.
Masiku onsewa ndinkayang'ana chitsulo.

Anati, zagwirizana eti?
Ndinati zagwirizana.
Anandilipira ndi thumba la kachewere wotsala kwa nguluwe,
anakulunga mfuti m'bulangeti muja,
n'kufunsa ngati ku Nkhoma amapalabe ng'ala,
ndipo minibasi yake ndi ndalama zingati.

Katoni ija ndinaisunga.
Ili pamwamba pa chitseko, mphepo ya Juni imalowera m'mabowo.